Magazi Anga M'chubu cha Madamu

Lolemba, 3 Marichi
...ndiye ndinangotambasula mkono, ndikuti, "Madamu, bweretsani ndowa, awa ndi magazi a njovu." Ophunzira onse mu labu anathawa singano, ine wotsuka machubu ndiye ndinaima nji. Osaphethira n'komwe.

Madamu, abwana athu mu labumo, akufufuza zimene tinthu ta siliva, tochepa kuposa fumbi, timachita ku maselo ofiira a magazi. Ndinaseka chamumtima. Za siliva andiuze ine? Botolo la madzi a siliva lili kunyumba, ndinagula kwa mkulu wina pamsika. Mayi akunyumba, poti ndi oyembekezera, ndimawamwetsa masipuni awiri m'mawa uliwonse. Mwana adzabadwa akunyezimira ameneyo.

Lachiwiri, 4 Marichi
Machubu miliyoni lero. Fungo lake, ntchentche inalowa n'kutuluka ikupepesa.

Lachitatu, 5 Marichi
Madamu anandiitana ndidzaone njovu yanga. Machubu awiri, onse atazunguzidwa m'makina. China magazi akhala pansi bwinobwino, pamwamba madzi oyera. China, chothiridwa siliva, psuu chonse ngati madzi otsukira nyama. Akuti maselo aphulika. Pa makina okulitsa ndinaona otsalawo, okwinyika, aminga, ngati nkhope ya apongozi ndikachedwa. Nyansi zimenezi ndi ine?

Ndinawauza za botolo lija. Anavula magalasi. "Chubu si mimba, achimwene, ndipo ndathira wambiri dala. Koma m'botolo lanulo mukudziwa muli chiyani? Woyembekezera! Akayezetse magazi."

Chakudya chamasana ndinapatsa mlonda.

Lachinayi, 6 Marichi
Ndakhuthulira botolo lonse m'chimbudzi. Mayi ataima pakhomo: "Si inu munkati ndi mankhwala a mabwana?" Kenako akuti akhala akumva chizungulire masabata awiri. Sanandiuze poopa kuti ndiwonjezera sipuni yachitatu.

Ndikanawonjezeradi. Fyaa!

Lachisanu, 7 Marichi
Ku sikelo. Mwamuna ndekha pabenchi, azimayi mazana asanu akundiyang'ana. Anesi atatulutsa singano ndinayamba kuwerenga malata. Chabwino, buku iwe suuza munthu: Lolemba lija ndinakomoka, Madamu anachita kundikupiza ndi katoni.

Magazi apezeka ochepa. Anesi akuti zimachitika kwa oyembekezera ambiri, sangalumbire kuti ndi botolo langa, komanso sangalumbire kuti si ilo. Mwana akugunda bwino. Anapereka mapiritsi owonjezera magazi, ine n'kutambasula dzanja kuti ndisunge.

Mayi anawaponya m'chikwama mwawo n'kutseka zipi.

"Awa ndimwa ndekha, adokotala."