Mbale ya Mayi Sabiha

Nermin wanga,

Munthu ngati ine amene anadyetsapo madalaivala a ku Hamburg konse sangagonje ndi gozleme, zikondamoyo za tchizi zakwathu ku Turkey zija. Ndaphika ndithu! Koma ndodo yako yopyapyalitsira mtanda sindinaione, ndiye ndinagwiritsa ntchito botolo. Mtanda unakhuthala, ndipo tchizi asanasungunuke m'kati, pansi panali patapserera kale.

Mbale ya Mayi Sabiha apamwambawa inachedwa kwathu, ndipo ukudziwa kuti siibwezedwa yopanda kanthu. Ndaikamo magozlemewo, ndavundikira, ndakapereka. Andifunsa kuti, "Aphika ndi a Nermin, eti?" Ndavomera. Pepa, mkazi wanga.

Masana ano akulandira azimayi onse a m'nyumba yosanjikizana ino. Ndathamangira tchizi wina. Kanda mtanda msanga, tikasinthe mbaleyo asanaivundukule.

Ngongole yokha ndabweza: anatipatsa magozleme anayi, ndaikamo anayi, kopserera ndayang'anitsa pansi.

Hayri