Fani ya bokosi la adadi

LACHIWIRI

12:41 Ine: bokosi lanu lazimanso adadi. export ya video ya ukwati inali pa 38%
12:41 Ine: [mawu 0:09]
12:42 Ine: mwamva mmene likulirira? ngati njinga yamoto yopanda silencer
12:58 Adadi: ndamva. ndi fani ya mmbali. bearing yatja
12:58 Adadi: yatha
12:59 Ine: ndy ndingozula bokosili ndipange pa laputopu yokha?
13:06 Adadi: ayi. laputopu ija ndi nkhalamba ngati ine. graphics card ili mbokosimo ndi imene imasenza video yonse. ikatentha imadzizimitsa
13:07 Ine: a ukwati aja aimbanso foni. akuti akunyamuka lamulungu, pofika loweruka akhale atailandira
13:13 Adadi: ndinawalonjeza. fani usintha iweyo
13:13 Ine: ine?? adadi ine ndimagulitsa matailosi kkk
13:20 Adadi: ma screw anayi basi. unamasula wailesi yanga uli mwana palibe anakuphunzitsa
13:21 Ine: ndipo sinalirenso
13:21 Ine: diso lili bwanji
13:35 Adadi: chikatani chakuda chija chatsikanso. ndikuwerenga ndi theka. zilembo ndakulitsa mpaka odwala a bedi linalo akuwerenga nawo
13:36 Ine: akuti chani madokotala
13:44 Adadi: mawa mmawa theatre. akamate retina, kansalu ka mkati mwa diso. lakumanzere shuga anadya kale, akulimbana ndi lakumanjali
13:45 Ine: ndikaweruka ndibwera
13:52 Adadi: usabwere. mayi ako ali pano. iwe pita kuchipinda changa

17:48 Ine: ndafika. ndiyambire pati
17:55 Adadi: [mawu 0:41] “Kulemba kukundipweteka mutu, ndizingolankhula. Zimitsa pakhoma, zula chingwe cha magetsi ndi chopita ku laputopu. Udikire pang'ono. Kumbuyo kuli chogwirira, uchitembenuze n'kukoka, zam'kati zituluka ngati drawer. Usanagwire card ukhudze kaye chitsulo cha zenera. Ndipo umve bwino apa: kabokosi kakuda ka magetsi kali ndi fani yakeyake. Kameneko usakatsegule. Kamaluma ngakhale utazimitsa.”
18:09 Ine: latuluka
18:09 Ine: [chithunzi]
18:10 Ine: fumbi lake mutha kuumba njerwa
18:16 Adadi: chithunzi sindikuchiona. uzindiuza
18:16 Ine: sorry
18:17 Ine: fani ndi yakuda, size ya sosala, phiko limodzi ndi losweka. ndikaizungulitsa ndi chala ikukhula
18:22 Adadi: 120mm. werenga ma pin pa chingwe chake
18:25 Ine: 4
18:31 Ine: screw imodzi yakana. mutu wake wadyeka
18:36 Adadi: ika lamba wa labala pamutu pake ukanikize ndi screwdriver. osathamanga
18:50 Ine: yamasuka 😮‍💨
18:51 Ine: adadi
18:52 Ine: pa screen yanu pali mafuta a mphuno pakati penipeni. ndi galasi lokulitsira pansi pa keyboard. mwakhala mukugwira ntchito chonchi kuyambira liti?
19:20 Ine: adadi?
19:33 Adadi: pukuta screen. nsalu ili mu drawer yachiwiri

LACHITATU

07:12 Ine: ziyende bwino adadi. ndikukupemphererani
07:40 Ine: mwalowa?
10:15 Ine: ndagula fani pa break. koma wa pa shop uja wandipatsa ya 3 pin, akuti zonse ndi chimodzimodzi
10:16 Ine: ndi zoona?
11:30 Ine: ndabweza. ndamukakamira mpaka wapeza ya 4 pin pansi pa shelufu. wandifunsa ngati ndatumidwa ndi amuna anga 🙄
12:55 Ine: [foni yosayankhidwa]
13:40 Ine: [foni yosayankhidwa]
14:02 Ine: amayi foni yanu ndi yozima. pls wina andiyankhe
15:18 Adadi: Ndine mayi ako. Yanga yatha moto. Atuluka. Zatenga nthawi kuposa mmene ananenera. Awathira mpweya m'diso ndiye akuyenera kugona chafufumimba, nkhope pansi, usana ndi usiku. Asanza kawiri. Panopa akugona.
15:18 Ine: zkm Mulungu. dokotala wati zayenda?
15:31 Adadi: Wangoti tiona Lachisanu akamasula bandeji.
15:32 Ine: inuyo mwadya?
15:32 Ine: amayi?

18:05 Ine: adadi mukadzuka amayi akuwerengereni. fani ndaika. ma screw onse anayi, palibe chotsala patebulo
18:06 Ine: ili ziii. ndinachita kuika khutu kt ndidziwe ngati ikuzungulira
18:07 Ine: ndayamba export
18:49 Ine: 50%. tadutsa pomwe limafera paja
19:14 Ine: lazima
19:14 Ine: 71%
19:15 Ine: bokosi latentha ngati simbi. sindikudziwa ndalakwitsa pati
19:40 Ine: mwina ndaotcha card yanu
19:41 Ine: ndangokhala pampando panu. sindikuliyatsanso

LACHINAYI

06:52 Adadi: [mawu 1:03] “Mawu anga akumveka ngati ndili m'chidebe, ndi pilo ameneyu. Mayi ako andigwirira foni kunsi kwa bedi. Usalire, card siipsa chisawawa. Wayang'anitsa fani kolakwika basi. Yatsopanoyo ikukankhira mpweya wotentha m'kati, ikulimbana ndi mafani a card. M'mphepete mwake muli kamuvi kakang'ono, kaloze kunja. Ukakasowa, mbali ya sitika ndi kumene mpweya umatulukira. Ine ndinachitapo zomwezo pa computer ya kasitomala, n'kumuuza kuti ndi magetsi. Tembenuza.”
06:58 Ine: kamuvi ndakaona 🤦🏾‍♀️ kakuloza mkati
06:59 Ine: mwagona bwanji
07:10 Adadi: [mawu 0:14] “Khosi ndi msana zikukangana kuti wopweteka kwambiri ndani. Ndikudziwa nesi aliyense ndi phokoso la nsapato zake. Pita kuntchito.”

12:36 Ine: ndatembenuza pa lunch. ndaika tishu pa mabowo a mmbali, ikuuluzika kunja
12:37 Ine: export ndayambanso, ndikubwerera ku shop. chitseko ndasiya chotsegula kt mulowe mphepo
14:20 Ine: mkwatibwi waimba. ndamuuza loweruka mmawa. anafunsa za inu, ndati muli busy
14:21 Ine: za chipatala sindinamuuze
17:44 Ine: 100% adadi
17:44 Ine: 100%!!
17:45 Ine: bokosi ndi lofunda chabe. ndaonera poyambira, pomwe mkwati akulephera kumanga tayi. ndaseka ndekha mchipinda muno
18:30 Adadi: Ndawauza. Akuti wachita bwino, a ukwati usawapatse kaye mpaka adadi ako aione okha mawa. Akuti ubwere ndi laputopu madzulo.
18:31 Ine: ok amayi. ndibweretse chani china
18:44 Adadi: Thaulo loyera ndi charger yanga. Miyendo yanga yatupa, mpando wa muno ndi wachitsulo.

LACHISANU

08:05 Ine: amasula nthawi yanji
09:30 Ine: ?
10:47 Ine: ndawerengera kasitomala mabokosi a matailosi olakwika kawiri. abwana akundiyang'ana
11:15 Ine: [foni yosayankhidwa]
12:02 Ine: amayi pls
12:50 Adadi: Ndatuluka panja kuti asandimve ndikulemba. Amasula. Dokotala anaimika zala patsogolo pawo, sanazione. Anawalitsa tochi, akuti akungoona ngati kukucha kutali. Retina akuti yagwira, koma mitsempha inali itaonongeka kale ndi shuga. Akuti tidikire mpweya uja uthe m'diso, mwina pang'ono pabwerera. Koma nkhope ya dokotala ndinaiona ine.
12:51 Ine: ayi amayi
12:51 Ine: ayi
12:53 Ine: ndikubwera pompano
12:59 Adadi: Usabwere. Akana. Akuti laputopu usabweretse. Sanalire, angopempha madzi. Akalankhula nawe usawafunse.
13:00 Ine: ndingokhala ngati sindikudziwa?
13:26 Ine: amayi

16:10 Ine: ndapempha kuweruka msanga. ndili kuchipinda chanu adadi
16:38 Adadi: [mawu 0:36] “Tsegula project. Pita pomwe mkwatibwi akutsika m'galimoto, mphindi 14 kapena 15. Tsiku lija kunali mitambo ndipo sindinakonze mtundu, ndimati ndidzachita pomaliza. Uyang'ane diresi. Osati velo, diresi, cha pa phewa. Ndi loyera kapena likupita ku buluu?”
16:47 Ine: likupita ku buluu pang'ono
16:48 Ine: nkhope yake nayo ikuoneka ngati akumva kuzizira
16:55 Adadi: [mawu 0:19] “Ndinadziwa. Kudzanja lamanja kuli temperature. Kokera ku chikasu pang'onopang'ono, ngati ukuthira mchere. Mano a anthu akayamba kuoneka achikasu wapyola.”
17:03 Ine: ndapyola. ndabwerera
17:09 Ine: pano ndi loyera
17:10 Ine: ndikuganiza
17:11 Ine: ndaika pepala loyera pambali pa screen, zikufanana
17:19 Adadi: [mawu 0:08] “Ngati iwe wati loyera, ndi loyera. Panga export.”
17:20 Ine: pali pena poti ndione?
17:34 Adadi: [mawu 0:27] “Pomwe bambo a mkwatibwi akulankhula, kamera inagwedezeka, mwana wina anandigunda. Usiye choncho, mawu ake ndi abwino. Mawa uike pa flash ziwiri, ina ya makolo. Ukawapatsa uime kaye, aitsegule pamaso pako.”
19:02 Ine: yatha. silinazime

LOWERUKA

10:20 Ine: ndawapatsa. aonera pa tv yawo onse, ndi azakhali awo omwe. mkwatibwi analira pa diresi paja
10:21 Ine: akuti ndikuthokozeni. akuti mchemwali wake akukwatiwa chaka chamawa, akufuna inu nomwe
10:21 Ine: ndinangomwetulira
11:48 Adadi: [mawu 0:44] “Zikomo mwana wanga. Tamvera. A sukulu aja a graduation aimba foni sabata yamawa. Uwauze apeze wina nthawi ikadalipo, usawasunge m'malere. Wa kwaya ujanso chimodzimodzi, ma file ake ali pa drive yofiira, umubwezere. Kamera uchotse mabatire, amatupa. Bokosi ulivundikire ndi nsalu fumbi lisalowe. Fani yatsopanoyo ithandiza pogulitsa.”
11:50 Ine: kugulitsa chani adadi
11:52 Ine: dokotala anati tidikire
11:53 Ine: sorry. amayi anandiuza
12:15 Ine: a sukulu sindiwauza zimenezo. graduation ndi loweruka, ine loweruka masana sindigwira ntchito. kamera ndigwira ine. editing muzikhala pambali panga muzindiuza, ngati dzulo
12:16 Ine: ndichedwa, ndilakwitsa, muzindikalipira. koma mpando wachiwiri ulipo mchipinda muno, ndachotsapo kale ma cable
12:40 Ine: adadi
13:25 Ine: [foni yosayankhidwa]
14:58 Adadi: Ndawawerengera zonse. Angoti ndiwakonzere pilo.
15:01 Ine: muwawerengerenso