Mulungu Satsikira pa Jenda

Champhira,
Mzimba.
18 Juni 1990.

Achimwene a Stafford,

Ndiyankheni funso limodzi musanapinde kalatayi. Kodi Mulungu amatsikira pati, pa Kasungu kapena pa Jenda? Ndikufunsa chifukwa m'kalata yanu mwalemba kuti Mulungu ndinamusiya ku Madisi tsiku limene ndinakwera basi yobwera kuno. Ine m'basi muja ndinali maso njira yonse, ndipo sindinaone pamene anatsikira. Inu amene munafika Fomu 2, tandiuzani siteji yake.

Moni ndikupereka tsopano. Muli bwanji inu ndi alamu anga ndi ana? Mayi ali bwanji, mwendo uja ukutupabe? Ife kuno tilipo. Alamu anu a Justus akutsokomola chifukwa cha choko ndi chisanu, poti chisanu cha kuno chimatsika ndi nkhungu kuchokera ku Luwawa n'kulowa mpaka m'mafupa. Themba ali bwino, ali Sitandade 3.

Kalatayi sinadzere ku positi. Ndapatsira a Kingstone, oyendetsa lole ya matabwa, ndiye ndilankhula monga ndimalankhulira pakhonde, osacheuka.

Kalata yanu inafika sabata yatha, patatha miyezi itatu chiikireni mwana wanga Christobel m'manda. Ndinaitsegula ndili chiimire, ndikuti mwina achimwene andipepesa. Ndinaiwerenga kawiri kufunafuna mawu akuti pepa, osawapeza. Ndinapezamo zinthu ziwiri. Choyamba, kuti imfa ya mwanayo ndi chikwapu cha Mulungu chifukwa ndinachoka pamudzi osamvera mwini mbumba, ndipo mwawonjezera kuti walira mvula walira matope. Chachiwiri, kuti kalata yanga yosamukira mpingo simudzalemba mpaka nditabwerera kwathu ndi Themba, kuwasiya bambo ake kuno.

Achimwene, mwana wa zaka zitatu ndi matope?

Tiyeni tikumbutsane. A Justus anaphunzitsa kwathuko zaka khumi ndi chimodzi. Ana anu atatu anadziwa a, e, i, o, u pamanja pawo. Paukwati wathu inu ndinu munali ankhoswe, ndipo munaima m'tchalitchi ndi jekete lija la mabatani awiri n'kuvomera kuti zonse zili bwino. Nthawi imeneyo simunaone kuti ndi Mtumbuka. Lamulo litabwera chaka chatha loti aphunzitsi a kumpoto abwerere kwawo, iwo sanalipemphe, inenso sindinalipemphe. Ndinabwera kwanu, ndinagwada, ndinatsazika. Inu munati mwamuna apite yekha, ana ndi athu, kumpoto ana amasanduka a kuchimuna. Ine ndinati pamaso pa Mulungu ndinalumbira kuti pamtendere ndi pamavuto, ndipo mavutowo ndi amenewa afikawa. Ngati kusunga lumbiro limene munandiperekeza inu nomwe kuli kusamvera, ndiye kuti Chichewa ndayamba kuiwala.

Popeza simunafunse mmene mwanayo anapitira, ndikuuzani osafunsidwa.

Munali m'Malichi, mvula ili pakati. Chikuku chinalowa pasukulu pano n'kugwira ana ambiri. Christobel anatentha thupi masiku awiri, tsiku lachitatu anayamba kupuma ngati kamwana ka mbuzi. Bambo ake anali atapita ku msonkhano wa aphunzitsi. Ndinamubereka n'kuyenda mpaka kumsewu waukulu, ndinaima pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Basi inadutsa yodzaza, osaima. Magalimoto awiri anandithira matope. Kenako inabwera lole ya matabwa, n'kupitirira, n'kuima patsogolo, n'kubwerera chambuyo. Oyendetsawo sindinkawadziwa. Anati saloledwa kunyamula anthu ndipo akagwidwa ntchito itha, koma anaona kamwendo ka mwana kakulendewera ndipo phazi lawo linaponda buleki lokha. Anatifikitsa mpaka pakhomo pa chipatala ku Mzimba, njira imene sinali yawo n'komwe. Ndi a Kingstone omwewa amene akupatsani kalatayi. Muwayang'ane bwino, ndipo muwapatse mpando.

Kuchipatala ndinasowa cholankhula, Chitumbuka changa chinali chikadali cha yewo ndi chomene basi. Anesi ena, a Mavis, atamva ndikulira m'Chichewa anabwera n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti. Iwo ndi a ku Ntcheu. Anayesetsa, achimwene, ndisaname. Ntchito yawo itatha sanapite kunyumba, anakhala nane pansi pa simenti. Tsiku lachitatu tili kuchipatalako, masana, mwana anatisiya ali pamiyendo panga.

Sindikubisirani, ndinamukalipira Mulungu. Mukundidziwa pakamwa panga. Ndinatuluka panja kuseri kwa wodi, pamene amayanika zofunda, ndipo ndinamuuza zonse. Ndinamufunsa kuti anaimitsiranji lole ija ngati ankadziwa kuti amutenga. Ndinamuuza kuti nkhalamba zilipo zambiri zimene zikupempha imfa tsiku ndi tsiku, Iye n'kudumpha zonsezo kudzatenga kamwana kamene kanali kasanaphunzire n'kumanga chitenje komwe. Sanandiyankhe. Mpaka lero sanandiyankhe, ndipo sindikunamizani kuti ndinalota loto kapena ndinamva liwu. Koma munthu sukalipira nyumba yopanda anthu. Ndinamukalipira chifukwa analipo.

Tinakaika kwawo kwa bambo ake ku Manyamula. Ndikudziwa kuti zimenezi zinakupwetekani, kuti mwana wa mbumba yanu wagona m'dothi la eni. Inenso zinandipweteka. Koma telegalamu tinatumiza, ndipo mtembo sudikira munthu amene akuganizabe. Mayi sindiwaimba mlandu, mwendo wawo ndikuudziwa. Inu miyendo muli nayo iwiri.

Pamaliropo ndinakhala ngati chitsa, anthu akulira m'chinenero chimene sindikumva. Ndiye azimayi a Umanyano, amene kwathu timati a Chigwirizano, anayambitsa nyimbo. Mawu ake sindinamve ngakhale limodzi, koma maimbidwe ake anali omwe aja a nyimbo imene tinaimba poika bambo athu. Ndinangozindikira ndikuimba nawo, iwo m'Chitumbuka, ine ndekha m'Chichewa, ndipo mizere inkathera pamodzi. Palibe amene anandikhalitsa chete. Mayi wina anandigwira dzanja mpaka nyimbo inatha. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti amene ndinamukalipira kuseri kwa wodi uja wandiperekeza mpaka kumanda, osasunga mangawa.

Inu mukuti chikwapu. Ine sukulu sindinaponde, bambo anati ya mwana wamkazi ndi mtondo. Kuwerenga ndinaphunzira ndekha pa buku la nyimbo ndi pa sileti yanu mukapita kokasewera mpira. Koma Baibulo ndalimaliza kawiri ndi chala, mzere ndi mzere, ndipo sindinapezemo pamene Mulungu amapha mwana pofuna kuthandiza malume kupambana mkangano. Ngati vesilo lilipo, ndilembereni chaputala chake.

Tsopano imvani zimene kalata yanu yosalembedwayo yachita.

Mwezi watha kunali Mgonero. Lachisanu lake akulu a mpingo anandiitana n'kundifunsa kalata yochokera kwathu. Ndinati ikubwera. Anati ndinanenanso chomwecho ulendo wathawu, ndi ulendo winawo. Sanandinyoze, anthu ake ndi aulemu, koma anati mwambo ndi mwambo: popanda kalata sangadziwe ngati ndinachoka kwathu ndili woyera kapena ndili pachilango. Ndinawauza kuti ndalembera mlembi wa mpingo wathu katatu. Anafunsa kuti mlembiyo ndi munthu wotani wosayankha makalata. Ndinachita manyazi kunena kuti ndi mchimwene wanga wa bere limodzi. Ndinangoti mwina ndi positi.

Lamulungu ndinakhala benchi yakumbuyo. Mukuidziwa benchi imeneyo, kwathunso ilipo. Kumanja kwanga kunali bambo wina wa mitala, kumanzere mtsikana amene anatenga pathupi pa mwini sitolo. Ine zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikudya Mgonero osaimitsidwa ngakhale kamodzi, lero ndili pakati pa amenewo, mwana wanga asanathe miyezi iwiri m'manda. Potuluka mayi wina dzina lake Doris anandifunsa monong'ona, akuti mwachikondi, ngati kwathu ndinkatcheza kachasu. Winanso akuti anamva kuti mwanayo anafa chifukwa cha zimene amayi ake anachita ku Dowa. Mukuona? Bodza limeneli lili ndi siginecha yanu, ngakhale simunalembe kanthu.

Koma pali china chimene sindinayembekeze. Apongozi anga, a NyaTembo, akhala nafe kuno chichitikireni maliro. Musaganize kuti ndi mngelo. Ndi mayi wa pakamwa ngati ine ndemwe, fodya wa m'mphuno sachoka m'manja, ndipo chibwerereni akhala akundinena kuti Achewa sitidziwa kugwada, timangopinda bondo limodzi ngati nkhuku yomva chisanu. Tinakanganapo za mchere, za mbale, za tsitsi la Themba. Tsiku la Mgonerolo iwo anali kutsogolo ndi yunifolomu yawo yoyera. Atacheuka n'kundiona kumene ndinali, anadzuka ndi ndodo yawo, tchalitchi chonse chikuyang'ana, anayenda pang'onopang'ono mpaka kumbuyo, anamukankha bambo wa mitala uja kuti asendere, n'kukhala pambali panga. Mkulu wa mpingo anabwera kudzawanong'oneza kuti abwerere kumalo kwawo. Iwo sananong'one. Anati mkamwana wawo akapanda kudya, mbwenu iwonso sadya, ndipo mwini chakudyacho akudziwa chifukwa chake. Mbale inadutsa, chikho chinadutsa, iwo manja ali pa ndodo.

Pobwerera kunyumba ndinayesa kuwathokoza. Anandidula n'kunena kuti ndisawachedwetse, ndipo ndiwo za dzulo ndinachulutsa mchere chomene.

Ndiye mudziwe kuti si ine ndekha amene mwanditsekera kunja. Mwatsekeranso nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, imene chifuwa chake chimalira ngati chitseko, ndipo yalumbira kuti siidzalandira Mgonero mpaka ine nditalandira. Sindikudziwa kuti yatsala ndi Migonero ingati. Ikapita isanalandire, mukafotokoza ndinu.

Kumsika a yufi, anyamata a chipani aja, amaima pachipata kufunsa khadi la chipani. Pokwera basi, khadi. Zimenezo ndazolowera, ndimangotulutsa osalankhula. Koma sindinkadziwa kuti pa gome la Ambuye padzaimanso wina pachipata, ndipo kuti winayo adzakhala inu. Gomelo si lanu, achimwene. Inu ndinu mlembi chabe. Anakupatsani cholembera kuti muzilemba zoona, osati kuti muzikokera nacho mbumba kumudzi ngati mbedza.

Ndikudziwa chimene mukuopa, ndipo sindikuseka. Mukuopa kuti Themba atayika, kuti mayi adzamwalira osamuonanso. Chitumbuka akulankhula, inde, mpaka amandiseka ine ndikalakwitsa. Koma pemphero la pachakudya amanena m'Chichewa monga anamuphunzitsira agogo ake, ndipo amafunsa za mbuzi yake ya mawanga ija. Sukulu ikatsekera mu Ogasiti ndibwera naye, adzakhale sabata ziwiri. Ndibwera chifukwa ndikufuna, osati chifukwa mwandimana Mgonero. Ndipo ndidzabwereranso kuno, kumene kuli mwamuna wanga ndi manda a mwana wanga.

Kuno ndalima mbatatesi kuseri kwa nyumba ndipo zachita bwino. Ndapatsira a Kingstone kathumba, n'ka mayi. Muli nyemba zofiira pang'ono za alamu anga, akayese kubzala.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti mwana wawo sanatayike ndipo akupemphera. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa azakhali a kuseri kwa dambo, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa amayi a Chigwirizano amene ndinkaimba nawo. Moni kwa mng'ono wanga Selina. Iyenso ndamulembera kakalata kake, ndipo ndamuuza kuti akhalepo pamene mukuwawerengera mayi kalata ino, chifukwa ndikudziwa kuti mumadumpha mizere imene sinakukomereni. Muwerenge yonse. Mukafika pamene munati imfa ya mdzukulu wawo ndi chikwapu, muwayang'ane kumaso n'kubweza mawuwo.

A Justus akupereka moni. Anandipempha kuti ndifewetse kalatayi, ndakana.

Inu sindikudani. Ndimakutchulani m'pemphero, ngakhale masiku ano ndimakutchulani mokweza mawu. Mulungu amene sanandisiye pamsewu, kuchipatala, kumanda ndi pa benchi yakumbuyo, sadzandisiya chifukwa cha pepala. Koma pepalalo ndi langa, ndipo mundipatsa.

A Kingstone akatsitsa matabwa ku Lilongwe adzadutsanso pa Madisi Lachisanu masana. Adzaima pa sitolo ya pamphambano n'kuliza hutala katatu. Kalata yanga yosamukira ikhale italembedwa, abusa atasaina, chidindo chitadindidwa, ndipo muipereke m'manja mwawo inu nomwe. Lole ikabwera yopanda kalata, ulendo wotsatira idzabwera ndi ine, ndipo ndidzaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kufunsa mpingo wonse funso limene ndayamba nalo lija. Mgonero wina uliko Lamulungu loyamba la Ogasiti. Kuno kuli azimayi awiri amene akudikira kudya. Lembani.

Ndine mlongo wanu wa bere limodzi,
Felesta Naphiri,
amene kuno akumutcha NyaPhiri.