Mpungabwi mu Msuzi wa Dona

Lolemba, 6 Ogasiti 1934
Ine Chester Namakhwa, mfumu ya mapoto onse a esiteti ino, amene ndaphikira azungu atatu osafapo ndi mmodzi yemwe, lero ndanyozeka chifukwa cha matimati. Dona, mkazi wa bwana wathu Mtaliyana, akufuna msuzi wa kwawo wothira pa makaroni. Alendo abwera Lamulungu. Ukakanika, khichini atenga Amosi, khukhi wa ku Limbe. Ine kubwerera kotchola tiyi, ndi msana unowu.

Lachiwiri, 7 Ogasiti
Ndinathiramo nsinjiro kuti ugwirane. Ndiwo yabwino ndithu. Dona anatayira agalu. Akuti zofunika ndi matimati, mafuta a azitona, adyo, mchere, ndi tsamba lawo lonunkhira lotchedwa basiliko, basi. Matimatiwo kuwaviika m'madzi otentha, kusenda khungu, kuchotsa njere. Imvi zonsezi, ntchito kuvula matimati malaya.

Lachinayi, 9 Ogasiti
Moto wochepa, kutakasa mpaka dzanja kuuma. Ndinangotuluka kukanunkhiza kafodya. Wapserera. Mafuta atsala theka la chitini, ena mpaka ifike sitima ya ku Beira. Dona akuti, "Chester, mutu wako ndi dzungu." Kunyumba nakonso akazi anga a Anesi akuti kwawo ku Thekerani matimati amaphika ndi ana, osadandaula chonchi.

Loweruka, 11 Ogasiti
Tsoka. Basiliko yense, uja Dona amathirira okha pakhonde, mbuzi ya a Anesi yadya. Yasiya timitengo. Dona ali ku Blantyre, sakudziwa. Amosi wafika kale, wakhala pamtondo, akuyang'ana mapoto anga ngati mkamwini waulesi poyang'ana nkhokwe ya apongozi.
Kuseri kwa khola kuli mpungabwi, uja timafukizira udzudzu. Fungo lake ndi pachibale. Ndatchola nsonga zanthete. Mulungu andione.

Lolemba, 13 Ogasiti
Ndidakali khukhi. Masamba ndinathira pomalizira, owaza bwino kuti nkhope isadziwike. Alendo anapukuta mbale ndi buledi, ndipo palibe amene analumidwa ndi udzudzu. Za pakhonde ndanamizira anyani. Amosi wakwera lole ya tiyi osatsazika. Dona analowa m'khichini misozi ili mbwembwembwe, nandigwira dzanja, akuti ndawakumbutsa mayi awo.
Za misoziyo ndapeka ndine. Anangolawa, nati mchere wachepa.