Nduwira ya Bapu

4 Disembala
Bapu, bambo athu, tawatentha dzulo, kumalo otenthera maliro a ife Amazhabi, fuko lonyozeka, kuseri kwa ngalande. Ajati, eni minda, ali ndi awo, ofolera bwino. Moto anayatsa ndi achimwene a Tarsem, mutu wometa uli mbee. Anthu maso pansi: chipembedzo chathu chimaletsa kumeta, iwo anameta atalowa tchalitchi.

6 Disembala
Chifunga. Kusukulu sindinapite kukaphunzitsa. Mwambo uli chonchi: tikamaliza kuwerenga Buku Loyera la a Guru athu, abale amamanga mwana wamwamuna wamkulu nduwira, ndiye kuti walowa m'malo mwa bambo. Bambo aang'ono a Nachhattar akukana. "Nduwira pa dzungu? Akamumange abusa akewo." Akufuna kuveka mwana wawo. Zikatero achimwene sakhalanso a pakhomo pano, ndipo mayi athu, Bebe, atsala ngati sanabale mwamuna.

7 Disembala
Ndayesa kuwafotokozera bambo aang'ono mofatsa. Achimwene sanatsate ndalama kutchalitchi. Kukachisi wa Ajati anawakhazika pakhomo, pafupi ndi nsapato, chakudya kuwaponyera patali. Mwana wawo atadwala, abusa anabwera, namwera m'kapu ya achimwene. Basi. A Guru, oyambitsa chipembedzo chathu, anati tonse ndife amodzi, ine ndimakhulupirira ndithu, koma pakhomo pa kachisi sipaima a Guru.
Bambo aang'ono: "Aphunzitsi, kalasi yatha? Chabwino, ndimumanga ndekha. Ikakhala, ndi wathu. Ikatereka, Mulungu wayankha."
Adzamanga molefuka, ndikuwadziwa. Nduwira yolefuka imagwira pa mfundo ya tsitsi. Achimwene alibe.

10 Disembala
Achimwene anangoti, "Mlongo, Yesu sanandiletse nduwira. Koma igwa, anthu aseka Bebe." Sanadye.

12 Disembala
Bebe atsegula bokosi. Pansi pa zofunda, m'kansalu, tsitsi la achimwene lonse. Anakalitola okha kwa wometa chaka chatha. Ife tsitsi timalitentha, sititaya. "Ndikanatentha bwanji, mwini wake ali moyo? Mawa ulikulunge, ulimange pamutu pake ndi kansalu kamkati. Usalire, ufulumire."

13 Disembala
Yakhala. Bambo aang'ono anaigwedeza ndi dzanja, koma sinasunthe. Anadya, nanyamuka.

15 Disembala
Lamlungu. Achimwene apita kutchalitchi, mutu mbee. Nduwira ya Bapu ili pamsomali, tsitsi lili momwemo. Bebe akhala moyang'anana nayo kuyambira m'mawa. Ndawamva akuifunsa ngati yamwa tiyi.