Kompyuta ya Achimwene

Lachinayi. Kunja kwatentha ku Nchalo lero, mtima uli zii.

Kompyuta yakale ya malemu achimwene, imene tinaisamutsira yonse mkati mwa yatsopano ngati pulogalamu kushopu yathu yotayipira, yakhala ikuchedwa mpaka makasitomala kumachoka. A Zuze okonza makompyuta abwera masana ano, ndipo ataiona andifunsa:

"Achemwali, ndani amasunga chithunzi cha mmene kompyutayi ilili madzulo aliwonse? Disiki yosungira zinthu yadzaza ndi zithunzizo, n'chifukwa chake ikuyenda ngati ngolo m'matope a ku Mlolo."

Ndangoyang'ana pansi. Ndine. Ndimaopa kuwononga chinachake n'kulephera kuibwezera mmene inalili.

Afufuta zithunzi zina zonse, koma ndawapempha asiye choyambacho, cha mmene achimwene anaisiyira.

Tsopano ikuthamanga. Komatu ndinazolowera kuidikira, monga tinkadikirira awiri, iwo akundiseka kuti ndimatayipa ndi chala chimodzi.