Wigi Wokana Kufufutika pa Mkuwa

Paris, 9 Okutobala 1793

Okondedwa achemwali Apolline,

Ndikupereka dandaulo langa kwa inu mwaulemu wonse: ine, loya wa zaka zisanu za ku yunivesite, ndanyozedwa ndi munthu wa zikhadabo zakuda ndi inki, Pichenot, wozokota nkhope za anthu pa mkuwa.

Mukukumbukira chithunzi changa choyang'ana cham'mbali chimene ndinakutumizirani zaka zinayi zapitazo? Ndiulule lero: wigi woyera uja ndi malaya agolide aja anali a Pichenot, amene ankaveka aliyense wofuna kuoneka wa magazi achifumu. Ife ana a wogulitsa makandulo!

Tsopano mfumu anaidula mutu, ndipo a komiti ya m'dera lathu akusaka aliyense wonunkha ufumu. Chitsiru cha Pichenot chinali chikadapachikabe nkhope yanga pawindo, ati kuonetsa luso. Ndinathamangirako.

"Nzika Pichenot, chotsani wigiyo pa mkuwapo, mundiveke chipewa chofiira cha anthu wamba."

"Aa, bwana mkulu, lero mwasanduka munthu wamba?" anatero akutokosa m'mano ndi chitsulo chake chozokotera. "Mkuwatu si sileti. Ndikwecha, ndimenya kumbuyo ndi nyundo, koma mizere yakuya siyiiwala inki."

"Kwechani basi, musandiphunzitse!"

Anakwecha, nadinda mapepala khumi ndi awiri. Ine osayang'anitsitsa, limodzi ndinakapereka ndekha kwa wapampando wa komiti, wopha nkhumba wina amene dzina lake lomwe amalemba ndi mtanda. Analiyandikiza kumphuno.

"Nzika, chipewa chanuchi chamera nyanga za nkhosa m'makutumu?"

Achemwali, mapiringu a wigi uja akuonekera ndithu pansi pa chipewa, otuwa ngati mzukwa. A komiti andiitana kuti Lolemba likubwerali ndikafotokoze kuti ndine yani.

Chonde tenthani chithunzi chanucho. Mupitenso kutchalitchi mukatenge kalata ya ubatizo wanga, yosonyeza ntchito ya bambo, ija ndinakuletsani kutchula pagulu. Itumizeni pa ngolo yoyamba ya makalata. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti ndikudya bwino ndipo ndanenepa. Zinazi asamve.

Pichenot ndamusumira kale. A komiti akaudula mutu wangawu, iyeyo andizokotere wina waulere, wa mphuno yaifupi, wadazi.

Ndine mlongo wanu,
Barnabé, mwana wa a Fauchereau a makandulo